Anati “sumimasen” atalandira mango: kodi amapepesa chiyani?

Achemwali, mwanena kuti pasukulu imene mumaphunzitsa pali mphunzitsi wongodzipereka wochokera ku Japan, ndipo mutamutengera beseni la mango a pakhomo panu iye anawerama n'kunena kuti “sumimasen” kawiri konse. Mutafufuza pafoni mwapeza kuti mawuwa amatanthauza “pepani”, ndiye mukuda nkhawa kuti mwina mphatsoyo inamukhumudwitsa kapena ankaikana mwaulemu. Mtima wanu ukhale m'malo, chifukwa mnzanuyo ankathokoza, ndipo ankathokoza mozama kuposa momwe akanachitira ndi “arigatō”, amene ndi mawu a Chijapanizi othokozera. Komabe foni yanu sinakunamizeni, popeza mawu omwewo ndi amene akanalankhula akanakupondani phazi. Ndiloleni ndifotokoze motalikirapo, chifukwa ine mawu amenewa anandisokoneza kwa miyezi ingapo pamene ndinkaphunzira ku Japan, mpaka tsiku limene ndinasiya kuwamasulira n'kuyamba kufunsa kumene anachokera.

Sumimasen amachokera ku mneni wakuti sumu, amene amatanthauza kutha, kumalizika kapena kukhazikika kwa nkhani. Ntchito ikatha amanena ndi mneni ameneyu, ndipo mlandu umene watha ndi kulipira chindapusa amaufotokoza ndi mneni yemweyu. Kumapeto kwakeko, kumene kukumveka kuti -masen, ndi kukana kwaulemu. Tikawamasulira monga momwe alili, ndiye kuti munthuyo akunena kuti “sizinathe” kapena “sizikutha”. Chimene sichinathe ndi nkhani imene ili pakati pa iye ndi inu: mwataya kanthu chifukwa cha iye, kaya ndi nthawi, mphamvu, mtendere kapena mango, ndipo iye akuvomereza kuti mawu okha sangathe kubweza zimenezo. Palinso mneni wina womveka chimodzimodzi, sumu, wonena za madzi amene adikha n'kuyera matope atakhala pansi, ndipo akatswiri ambiri a chilankhulochi amati aneni awiriwa ndi a tsinde limodzi. Ngati zili choncho, wolankhulayo akunenanso kuti mtima wake sunadikhe. M'Chichewa liwu loyandikira kwambiri ganizo limeneli ndi mangawa.

Mukagwira mfundo ya mangawayi, matanthauzo amene amaoneka ambirimbiri aja amasanduka tanthauzo limodzi lovala zovala zosiyana. Munthu amene wakupondani m'sitima ali nanu mangawa chifukwa wakupwetekani. Munthu amene mwamupatsa mpando wanu ali nanu mangawa chifukwa inu mwaimirira kuti iye akhale. Munthu amene wakuimitsani pamsewu kuti afunse njira yopita kusiteshoni ali nanu mangawa chifukwa wadula ulendo wanu. Onsewa adzati sumimasen, ndipo kwa iwo sakulankhula zinthu zitatu ayi. Ife ndi amene timagawa kuti woyambayo wapepesa, wachiwiriyo wathokoza, wachitatuyo wapempha. Ana a ku Japan amakula akuuzidwa kuti asamapereke meiwaku, kutanthauza mtolo kapena chisokonezo, kwa anthu ena, ndipo munthu amene waleredwa motero akalandira chabwino maso ake amayamba aona kuvutika kwa woperekayo asanaone phindu lake.

Apa ndi pamene pali kusiyana kwake ndi arigatō. Arigatō amachokera ku mawu akale otanthauza chinthu chovuta kupezeka, chosowa, choncho amayamikira ubwino wa chimene chachitika. Sumimasen amayang'ana mtengo umene wina walipira kuti chichitike. Mnzanuyo anaona mango, koma anaonanso kuti wina anakwera mumtengo kapena anagwetsa ndi mtengo wansungwi, wina anasankha abwino, ndipo inu munasenza beseni kuchokera kunyumba kufika kusukulu. Ife tomwe timachita zomwezi tikamalandira mphatso n'kunena kuti “aa, mwavutikiranji” kapena “takuvutitsanitu”, ndipo palibe amene amaganiza kuti tikukana mphatsoyo. Kwa abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amene anamvapo kuti arigatō anachokera ku obrigado ya Chipwitikizi, nkhani imeneyo si yoona, chifukwa mawuwa analipo kale m'zolemba za ku Japan zaka mazana angapo Apwitikizi asanafike pachilumba cha Tanegashima mu 1543.

Ine ndimaona kuti Mchewa ali ndi mwayi pomvetsa mawuwa kuposa wolankhula Chingelezi, chifukwa tili ndi zikomo. Taganizani ntchito zimene zikomo amagwira tsiku limodzi. Timati zikomo tikalandira chinthu, timati zikomo tikamadutsa pamaso pa akuluakulu amene akhala pansi, timati zikomo tikafuna kuti munthu atimvere tisanayambe kulankhula, timati zikomo pakhomo pa eni m'malo mwa odi, ndipo timati zikomo tikapambana ndi munthu panjira ngakhale sanatipatse kanthu. Sumimasen amayenda pafupifupi njira zonsezi. M'malo odyera ambiri a ku Japan woperekera zakudya sabwera pa tebulo lanu mpaka mutamuitana, ndipo mumamuitana mokweza ndithu kuti “sumimasen!”, zimene poyamba zinkandichititsa manyazi chifukwa ndinkaona ngati ndikukuwira munthu. M'sitima yodzaza, siteshoni yanu ikakwana, mumati “sumimasen, orimasu”, kutanthauza kuti zikomo ndikutsika, ndipo anthu amapatuka. Ena podutsa pakati pa anthu amawerama pang'ono dzanja limodzi lili kutsogolo ngati akudula mpweya, mofanana ndi momwe ife timapindira msana podutsa pagulu. Mukalowa m'kasitolo kakang'ono mwini wake ali kuseri, mumaitana ndi mawu omwewa, ngakhale kuti achikulire ambiri amakonda “gomen kudasai” amene ndiye odi weniweni.

Katswiri wina wa zilankhulo, Risako Ide, anamvetsera zokambirana za anthu pachipatala cha maso ku Tokyo, ndipo m'kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1998 anapeza ntchito zisanu ndi ziwiri za mawu amodzi omwewa. Kuwonjezera pa kupepesa, kuthokoza, kupempha ndi kuitana munthu, anapeza kuti anthu amawagwiritsanso ntchito potsanzikana, povomera kuti amva zimene auzidwa, ndiponso pongobwezerana ulemu, pamene wina akuti sumimasen winayo n'kuyankha sumimasen, onse akuwerama, popanda wolakwa. Yomalizayi mudzaiona nokha mukadzakhala pakati pawo, ndipo ndi yoseketsa kwa mlendo mpaka atakumbukira momwe ife timabwezerana zikomo ndi kuomba m'manja pamalonje.

Palinso ntchito ina imene muyenera kuidziwa chifukwa imakhudza nkhawa yanu yeniyeni, ndiyo kukana. N'zoona kuti sumimasen amatsogolera kukana, koma kukanako kumamveka m'mawu otsatira ndi m'thupi. Munthu amene sakufuna kapena sangathe adzati “sumimasen, chotto...” n'kusiya chiganizo chili m'malere, mwina akukokera mpweya m'mano kapena kugwedeza dzanja patsogolo pa nkhope. Chotto amatanthauza “pang'ono”, ndipo chiganizo chosamalizidwacho ndiye “ayi” wake. Mnzanuyo akanakhala kuti akukana mango, manja ake sakanafika pabeseni. Poti analandira, makamaka ngati analandira ndi manja awiri, nkhani yake ndi yoyamikira basi.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene ndikufuna kuti aliyense wowerenga pano achigwire, chifukwa ndi pamene ife olankhula Chichewa timagwa m'mbuna. Pepani wathu ali ndi mbali imene sumimasen alibe. Ife timapepesa munthu amene wapunthwa payekha, amene wadwala, amene waferedwa, ngakhale kuti si ife tachititsa. Pepani ameneyu ndi wogawana naye chisoni. Sumimasen sagwira ntchito imeneyi ngakhale pang'ono, chifukwa nthawi zonse amaloza kwa wolankhulayo kuti ndi iye wabweretsa vutolo. Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Mnzanga wina wa m'kalasi anandiuza kuti agogo ake amwalira, ndipo ine, poganiza m'Chichewa, ndinawerama n'kunena kuti sumimasen. Anandiyang'ana modabwa, kenaka anandifunsa mofatsa kuti ndikupepesa chiyani popeza sindinalakwe. Kwa iye zinamveka ngati ndikuvomera kuti ndili ndi gawo pa imfayo, kapena kuti ndikupepesa chifukwa chomufunsa. Pamaliro amati “goshūshō-sama desu” kapena “okuyami mōshiagemasu”. Kwa wodwala amati “odaiji ni”, kutanthauza kuti mudzisamalire. Munthu akagwa kapena akapunthwa amamufunsa kuti “daijōbu desu ka”, ndiko kuti kodi muli bwino. Izi zikutanthauzanso kuti inu mukamuuza mnzanuyo kuti pepani atagwidwa ndi malungo, mwina adzadabwa, ndipo ndi bwino kumufotokozera kuti kwathu kuno ndi mawu achifundo osati ovomera mlandu.

Kulemera kwa mawuwa nakonso kuli ndi malire ake. Sumimasen ali pakatikati: ndi aulemu mokwanira kwa munthu wosamudziwa, kwa mphunzitsi kapena kwa mnzanu wa kuntchito, koma pa cholakwa chachikulu amapepuka. Wogwira ntchito amene wakhumudwitsa kasitomala amati “mōshiwake gozaimasen”, kutanthauza kuti ndilibe chodzikanira, ndipo amawerama kwambiri. M'maphunziro a ulemu wa kuntchito amasiyanitsa kuwerama kwa madigiri 15 kopatsana moni, kwa madigiri 30 kolemekeza, ndi kwa madigiri 45 kopepesa kapena kuthokoza mozama. Mwina mukukumbukira nkhani ya mu November 2017, pamene kampani ya sitima za Tsukuba Express inapepesa poyera chifukwa sitima ina inanyamuka masekondi 20 nthawi yake isanakwane. Chikalata chotero salemba ndi sumimasen koma ndi mawu olemera a owabi, amene ndi kupepesa kwa boma ndi makampani. Kumbali inayo, pakati pa ana, abale ndi mabwenzi apamtima mudzamva “gomen” kapena “gomen nasai”, amene ndi opempha chikhululukiro mwachindunji ndipo sagwiritsidwa ntchito polankhula ndi abwana. Polowa kapena potuluka mu ofesi ya munthu wamkulu amati “shitsurei shimasu”, kutanthauza kuti ndikuchita mwano.

Mawu enieniwo amasinthanso maonekedwe malinga ndi wolankhula. Polankhula mofulumira ambiri amati “suimasen”, atameza m woyamba, koma polemba kalata salemba choncho. Abambo achikulire polankhula ndi ana awo kapena ndi anthu amene ali pansi pawo amati “suman” kapena “sumanai”, ndipo mlendo asayerekeze kulankhula motero kwa munthu wamkulu. Cha ku Osaka mudzamva “sunmasen” kapena “sunmahen”. Cholakwa chikakhala chakale amawonjezera kuti “sumimasen deshita”. Mukapitiriza kumutengera zapakhomo panu, mudzamva akuti “itsumo sumimasen”, kutanthauza kuti nthawi zonse ndimangokuvutitsani, ndipo amenewo ndi mawu a munthu amene wayamba kukuonani ngati mnansi weniweni.

Pa katchulidwe, ife sitivutika kwambiri chifukwa Chijapanizi chili ndi malembo a liwu asanu ngati athu, a, i, u, e, o. Chovuta chathu ndi chizolowezi chokoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto ndi kuwonjezera i pamene mawu athera ndi n, zimene zimabala “sumimaseeni”. Iwo amawerenga zigawo zisanu zofanana kutalika, su-mi-ma-se-n, ndipo n womalizayo ndi chigawo pachokha, monganso polemba amalemba zilembo zisanu, すみません.

Mwafunsanso kuti mukanayankha bwanji. Yankho lofala ndi “iie” kapena “ie ie”, kutanthauza kuti ayi ayi, musadandaule, ndipo ngati akupepesa cholakwa chaching'ono mungati “daijōbu desu”. Ngati nonse muli ndi gawo pa nkhaniyo mumati “kochira koso”, ndiko kuti ine ndiye woyenera kunena zimenezo. Koma poti iye ali kwathu kuno, ndipo anthu ongodzipereka a ku Japan akhala akubwera m'Malawi muno kuyambira 1971 n'kumaphunzira Chichewa ndi Chitumbuka, kumuyankha kuti “palibe kanthu, mango ndi ambiri chaka chino” kudzamusangalatsa kwambiri kuposa Chijapanizi chophunzira pafoni.

Chomaliza n'chakuti musadabwe akabwera ndi kanthu m'masiku akudzawa, kaya ndi maswiti, tiyi wobiriwira kapena kansalu kochokera kwawo. Poti ananena yekha kuti nkhani sinathe, mwambo wawo wa okaeshi, wobweza mphatso, umamukakamiza kuimaliza. Pa ukwati ndi pa maliro amabweza chinthu chokwana pafupifupi theka la mtengo wa chimene analandira, ndipo pa mphatso zazing'ono ngati yanuyi amangobweza kanthu kochepa. Musachione ngati akukulipirani mango anu, popeza ifenso timati kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Beseni lanu likamadzabwerera, ndikukayika ngati lidzabwere lopanda kanthu, ndipo polilandira inunso mungathe kuwerama pang'ono n'kunena kuti sumimasen.