1873 kapena 1892? Ine ndati 1892 ya .357

Achimwene, mwafunsa kuti pa mfuti za leva za mtundu wa Winchester mugule iti, 1873 kapena 1892: tengani 1892 ya zipolopolo za .357 Magnum basi, kaya Rossi R92 ya ku Brazil kapena Winchester yomwe amapanga a Miroku ku Japan ngati thumba likulola. Anayambitsa kapangidwe kake ndi John Browning, imatseka ndi tizitsulo tiwiri tolimba nde imapirira zipolopolo zamphamvu kuposa 1873 ija yomwe mkati mwake zimapindika ngati bondo. 1873 yomwe amapanga a Uberti ku Italy ndi yokongola zedi, leva yake yofewa, ndipo mbiri ili nayo, kale ku America 1873 ankaikonda poti chipolopolo chake cha .44-40 chomwecho chimalowanso mu mfuti ya Colt ya m'chiuno, koma imalemera m'manja.

Ine yanga ndimaombera zipolopolo za .38 Special poyeserera, ndi zotchipa ndipo sizikankha phewa, kungoti zina zazifupi zimakodwa polowa nde yesani kaye bokosi limodzi. Chonde zipolopolo zosongoka ayi, mu chubu chosungiramo zipolopolo muja zimagundana, gulani zaphwanthi kutsogolo.

Mukapeza yakalekale yeniyeni musaombe asanaione gunsmith (katswiri wokonza mfuti), zambiri zinapangidwira onga wakuda. Za laisensi funsani apolisi kwanuko musanalipire.