Musamulande mabukuwo, mayi

Mayi wina wa ku Kabwata wandilembera. Mwana wawo wamkazi wa Giredi 11 sasiyana ndi mabuku a nkhani zopeka zamakedzana, makamaka za mafumu a ku England. Bambo ake akuti zonsezo ndi bodza, mwana azigwira buku la kusukulu basi. Mayiwo akufunsa ngati amulande.

Ayi mayi, musatero. Koma funso lanuli landikhudza kwambiri, ndiye mundipirire ndiyambire patali.

Ine ndinakulira ku Matero kwa agogo anga aamuna, Mngoni amene mpaka tsiku lomwalira Chipata ankaitchulabe kuti Fort Jameson. M'nyumba mwathu munali Baibulo ndi buku la nyimbo. Ena onse ndinkagula akutha kale kwa anyamata oyala mabuku pansi mu Cairo Road, ndalama yake yobisa pa ya basi. Pofika kusekondale ndinkadziwa kuti Henry VIII anakwatira akazi 6 ndipo awiri anawadulitsa mitu. Koma dzina la Nsingu ndinalimva kwa agogo okha.

Ankasimba madzulo, mawu ali pansipansi ngati nkhaniyo yachitika dzulo. Azungu ankakhulupirira kuti m'dziko la Mpezeni, mfumu ya Angoni, muli golide, ndipo Mjeremani wina, Carl Wiese, anali atapeza kale chilolezo cha malo chimene pambuyo pake chinagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland. Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi anafika ndi mizinga ndi mfuti za Maxim. Nsingu, mwana wa Mpezeni, ndiye anatsogolera ankhondo. Anamugwira, namuwombera mu Febuluwale. Midzi inapsa, ng'ombe zikwizikwi zinatengedwa, ndipo mwambo wa Nc'wala unazilala mpaka 1980. Agogo akafika pa ng'ombepo ankayamba akhala chete, chifukwa kwa Mngoni khola lopanda kanthu ndi maliro.

Buku la kusukulu lingakupatseni chaka ndi mayina. Silingakuuzeni zimene mayi wa mwana kumsana anaganiza m'mawa umene anapeza khola lili pululu, kapena mmene mnyamata wonyamula chishango anamvera phokoso la Maxim koyamba. Imeneyo ndi ntchito ya wolemba nkhani, ndipo ndikukana kuitcha bodza. Bambo a mwanayo andikhululukire. Wolemba wabwino amapeka munthu, koma nkhondoyo, njalayo, msonkhowo amazisiya mmene zinalili.

Ndipo amene amanyoza zosimbidwa pakamwa akumbukire ichi. Tikudziwa kuti Zwangendaba, mtsogoleri wa Angoni, anawoloka Zambezi mu Novembala 1835 chifukwa akuluakulu anasunga nkhani yoti tsiku limenelo dzuwa linada masana. Ophunzira anangobwera kudzawerengera kadamsanayo. Chaka chimene ana amaloweza pa mayeso chinachokera m'kamwa mwa agogo a anthu.

Chimene chimandipweteka ine ndi china. Mtsikana wa ku Kabwata akalowa m'sitolo ya mabuku kuno ku Lusaka apeza mashelefu odzaza ndi mafumu a ku Ulaya, koma buku la nkhani ya Nsingu m'chinenero chake alifunafuna mpaka kutopa. Mlandu suli pa mwanayo. Uli pa ife akuluakulu amene timadziwa nkhanizi koma sitizilemba, ndi pa osindikiza amene amangothamangira mabuku a silabasi. Komatu njira inalambulidwa kale. Samuel Ntara analemba Mbiri ya Achewa m'Chichewa chathu chomwechi. Dominic Mulaisho anatulutsa The Tongue of the Dumb mu 1971, nkhani ya mudzi ndi amishoni nthawi ya atsamunda. Ndi ana angati lero amene anawagwirapo mabuku amenewa?

Mzinda uno womwewu uli ndi nkhani zosalembedwa. Likulu linasamuka ku Livingstone kubwera kuno mu 1935. Anaumba njerwa zake ndani, ankagona kuti, ankadya chiyani? Ku Chilenje kuli nyumba nambala 394 imene a Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962. Ndikamaima pabwalo pake ndimaganiza za amayi oyandikana nayo amene ankaona apolisi akuzungulirazungulira, iwo ali pa mbaula kuphika nsima.

Nanga muchite chiyani?

Musiyeni awerenge. Akamaliza buku, mufunseni kuti zoona ndi ziti, zopeka ndi ziti, akafufuze yekha m'buku la kusukulu lija. Loweruka lina mupite naye ku Chilenje kapena ku Lusaka National Museum, bambo akenso apite nawo. Ngati kumudzi kuli agogo, mupatseni foni akajambule mawu awo pa holide ikubwerayi. Anga anamwalira ndisanakhale ndi chojambulira, ndipo mayina a midzi imene ankati inapsa mu 1898 palibenso pabanja pathu amene angawatchule onse.