Funsani Ankolo: Laputopu yanga ikukana gemu ya ziloboti

FUNSO: Ankolo, ine magemu oyendetsa ziloboti zikuluzikulu zomenyana aja amandiwaza heve, ndakhala ndikuonera mavidiyo a Armored Core VI pa YouTube mpaka bandulo kutha koma laputopu yanga njakalekale singaikwanitse. Mnzanga wina akuti ilipo yosewera patebulo ndi madayisi, nzoona kapena akungondinamiza? Mnyamata wa ku Zomba

YANKHO: Mphwanga, mnzakoyo sakunama ayi. Armored Core VI ija ndi ya FromSoftware a ku Japan, inatuluka 2023 ndipo imafunadi makina amphamvu, isiye kaye. Imene akunenayo ndi BattleTech, kampani ya FASA ya ku Chicago inaitulutsa 1984 ikutchedwa Battledroids, dzina anasintha chifukwa mawu akuti droid anali kale m'manja mwa Lucasfilm, eni mafilimu a Star Wars. Magemu a pakompyuta a MechWarrior anachokera momwemu.

Mumayala mapu a timabokosi ta ngodya sikisi, aliyense ndi chiloboti chake, chopepuka ngati Locust cha matani 20 kapena chimphona Atlas cha matani 100, madayisi awiri, pensulo ndi pepala lomwe umadetsapo timadontho chitsulo chikamaphwanyika, nkono ukathothoka mfuti zinali pamenepo zapitanso.

Koma chimene ine ndimaikondera gemuyi ndi nkhani ya kutentha. Chilichonse ungachite chimatenthetsa injini, kuyenda kumawonjezera kutentha ndi 1, kuthamanga 2, laser yapakatikati 3, chimfuti cha PPC 10 kuwomba kamodzi kokha, pomwe ziloboti zambiri zili ndi zoziziritsira zochepa, nde ukapsa mtima nkuwomba zonse nthawi imodzi chimayamba kuyenda mokoka miyendo, kuphonya kumachuluka, kutentha kukafika 14 chikhoza kuzima, pa 19 zipolopolo zako zomwe zitha kukuphulikira m'mimba, pa 30 chazima basi mdani ali pamaso pako. Ena amakaima m'madzi dala kuti chizizire msanga. Apa mpamene mtima umagunda, ndiwombenso kapena ndipume kaye? Kwa ine palibe vidiyo yokongola imene imaposa kamphindi kameneko, ndipo amene amaganiza patali pa bawo sachedwa kuigwira.

Ndalama zisakuopse. Catalyst Game Labs, omwe akuisindikiza pano, anaika malamulo oyambira aulere pa intaneti, ungopanga dawunilodi nkukaprintitsa. Ilinso pulogalamu yaulere ya MegaMek yotsata malamulo omwewa, imayendera Java ndipo siifuna makina apamwamba ngati Armored Core, iyese palaputopu yakoyo.

Tizidole tapulasitiki usavutike nato pano, zitsekerero za mabotolo zikwana, bola ujambulepo kamuvi kosonyeza kutsogolo chifukwa chitsulo cha kumsana chimakhala chopyapyala, mnzako akakuzembera kumbuyo watha. Loweruka lino muyambe ndi chiloboti chimodzi aliyense, ukandilembere wayamba kuzimitsa injini ndani.