Slam ya ku Germany kapena ya ku Czech: muyambire kuti?

Achimwene, mwati muli pa sukulu ku Dresden ndipo mukufuna kudziwa koyambira kupikisana pa ndakatulo za slam (mpikisano wolakatula ndakatulo zako pamaso pa anthu, oweruza n'kupereka mapointi), ku Germany komweko kapena kutsidya ku Prague, likulu la Czech. Ine nditi yambirani ku Germany, koma ku Czech muzipita kukaba luso.

Ku Germany bwalo ndi lalikulu. Mpikisano waukulu wa olankhula Chijeremani unayamba mu 1997 ku Berlin, anapambana ndi Bas Böttcher, ndipo umasonkhanitsa alakatuli ochokeranso ku Austria ndi Switzerland. Pafupifupi mzinda uliwonse uli ndi slam yake, ndipo malo ambiri amasiya mpata woti mlendo alembetse dzina madzulo omwewo. Amakupatsani mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, zovala zamasewero ndi zipangizo saloleza, koma kuwerenga papepala palibe amene amakudzudzulani. Kwa munthu amene Chijeremani chake chikadali chotsimphina, pepalalo ndi chipulumutso. Chondinyansa n'chakuti ambiri amangowerenga nkhani zoseketsa, ndakatulo yeniyeni n'kusowa. Slam kumeneko inakula kwambiri: ku Hamburg gulu la Kampf der Künste limadzadza nyumba zazikulu za zisudzo, ndipo kanema wa mlakatuli Julia Engelmann atafala pa YouTube mu 2014, ambiri anayamba kutengera kamvekedwe kamodzimodzi.

Ku Czech anayamba mochedwerapo, mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitika mu 2003. Nthawi ndi mphindi zitatu zokha, ndipo ambiri amalakatula pamtima. Ena amapeka pomwepo, maso ali pa anthu. Bohdan Bláhovec anatchuka ndi zimenezi. Ambiri amakwera pansanja ndi mayina ongodzipatsa, monga Anatol Svahilec. Amasewera ndi mawu mothamanga moti mlendo samva kanthu, komabe mukaonetsetsa mmene amagwiritsira ntchito thupi, mpweya ndi kudukiza, mubwerako mutaphunzira zambiri. Kupikisana nawo n'kovuta ngati Chitcheki simuchidziwa, poti oweruza ndi anthu wamba otengedwa pagulu la oonera.

Fufuzaninso makanema a Jaromír Konečný, wobadwira ku Czech amene anasamukira ku Munich. Iye katchulidwe kake kachilendo ka Chijeremani anakasandutsa chida choseketsera anthu, n'kumapambana nako.

Sitima ya ku Prague kuchokera ku Dresden imatenga maola awiri ndi pang'ono, ndiye mutha kupita Loweruka n'kubwerako Lamlungu.