Mpopi ukugwira shoko m'nyumba ya lendi: wokonzetsa ndani?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene akugwira ntchito ku Leicester, ku England, koma anamanga nyumba ku Area 25 ku Lilongwe n'kuikamo matenanti. Akuti matenantiwo akudandaula kuti mpopi wa ku bafa ukumawagwira shoko, makamaka giza ikakhala yoyatsa. Mlongo wawo amene amatolera lendi akuti anthuwo akonze okha, poti tsiku lomwe ankalowa zonse zinali bwinobwino. Ndiye mayiwa akufunsa kuti wolipira ndani. Akufunsanso ngati pepala la EICR, lipoti la katswiri woyeza mawaya a magetsi m'nyumba, lomwe landilodi wawo wa ku Leicester anawapatsa, likufunikanso kwathu kuno.

Amayi, za ndalama tikamba, koma yambani mwaimba foni lero lomwe. Uzani matenantiwo athimitse buleka ya giza pa bokosi la mabuleka lija, limene amisiri amalitchula kuti DB, ndipo asaiyatsenso mpaka pabwere katswiri. Ngati mpopi ukugwirabe giza itathimitsidwa, athimitse swichi yaikulu ya nyumba yonse. Kusamba madzi otereka pa mbaula masiku atatu sikunaphepo munthu. Koma magetsi athu ndi a 230 volts, ndipo munthu wonyowa thupi lonse, ataponda simenti opanda nsapato, ndiye njira yosavuta imene magetsi amadutsamo popita pansi. Kashoko kamene lero akungokatchula moseka ndi komweko kamene kamaimitsa mtima.

Chimene chikuchitika m'nyumba mwanumo mwina ndi ichi. M'kati mwa giza muli chitsulo chotenthetsa madzi, elementi. Ikakalamba imang'aluka, magetsi n'kuyamba kuthawira m'madzi ndi m'mapaipi. M'nyumba yomwe mawaya anaikidwa bwino, magetsi othawawo amatengedwa ndi waya wa earth, uja wobiriwira ndi chikasu, kupita ku chitsulo chokhomeredwa m'nthaka panja, ndipo buleka ya earth leakage imagwa nthawi yomweyo magetsi othawa akangofika 30 milliamps. Ndiye ngati munthu akumva shoko koma palibe chomwe chikugwa, mavuto ndi awiri. Giza yawonongeka, komanso chitetezo cha nyumba chinafa kale kapena sichinaikidwepo n'komwe. Mwa ziwirizi palibe chomwe tenanti angawononge potsegula mpopi.

Malire ake ndi osavuta. Waya wochokera pa polo mpaka mita ndi wa ESCOM, ndipo inu kapena tenanti musaugwire. Kuchokera pa mita kulowa m'nyumba, zonse zomwe zili m'khoma ndi m'siling'i, DB, masoketi, maswichi, giza, kuka ngati munaiika ndinu, ndi zanu eni nyumba. Tenanti akasamuka sazinyamula. Zake ndi zomwe anabwera nazo pa lole: firiji, simbi, ketulo, ekistenshoni, komanso mababu akapsa. Akathyola soketi pokoka bedi, alipire. Koma waya amene makoswe atafuna m'siling'i, kapena amene akunyowa chifukwa denga likuthonya, ndi wa landilodi.

Mlongo wanuyo sindikumunena. Ambiri amene timawasiyira nyumba amaona ngati kuteteza lendi ndiye kukhulupirika. Koma mawu oti "polowa zinali bwino" amangotanthauza kuti mababu ankayaka. Waya wa earth utaduka, babu limayakabe, TV imaonetsabe mpira.

Ine ndinakhalapo m'nyumba ya lendi ku Blantyre momwe earth leakage inkagwa tikangoyatsa kuka. Titadandaula, bambo landilodi anatumiza mnyamata wina atanyamula tesita m'thumba la malaya ndi tepi wakuda. Anatsegula DB, anagwiragwira mphindi khumi, n'kunena kuti "yatheka bwana." Inasiyadi kugwa. Patapita miyezi, katswiri wina atabwera kudzaona za soketi yomwe inkanunkha pulasitiki wopserera, anatiitana tonse kuti tidzaone: mnyamata uja anangodumphitsa waya pamwamba pa bulekayo. Tinakhala tikuphikira pa kuka yothawa magetsi, mlonda wake atamangidwa manja. Ndiye mukamva kuti "takonza, sikugwanso," funsani chimene chinkagwetsacho kuti chinali chiyani, ndipo akuonetseni chomwe achotsa.

Tsopano za pepala lija. Ku England, malamulo a 2020 amakakamiza landilodi kuyezetsa mawaya a nyumba kwa katswiri wovomerezeka zaka 5 zilizonse. Kuyambira pa 1 April 2021 anakhudza ngakhale nyumba zomwe munali kale matenanti. Lipoti lake ndiye EICR, ndipo tenanti amayenera kulandira kope lake pasanathe masiku 28 chiyezereni. Katswiri akalemba C1, ndiye kuti ngozi ilipo pompano. C2 ndi chinthu chomwe chikhoza kudzetsa ngozi. C3 ndi malangizo chabe. Za C1 ndi C2 zimayenera kukonzedwa pasanathe masiku 28, kapena mofulumira kuposa apo lipoti likatero, ndipo malamulowo pomwe ankayamba, khonsolo inkatha kulipiritsa landilodi wonyozera mpaka £30,000. Lamulo limenelo ndi la ku England komweko, silifika ku Area 25. Koma nzeru yake ndi yobwereka: inu mumagona mtima uli m'malo ku Leicester chifukwa wina anayeza mawaya anu, ndiye banja lomwe likukulipirani lendi nalo lichitireni chimodzimodzi.

Kwathu kuno bungwe la MERA ndi lomwe limapereka ziphaso kwa akatswiri oika magetsi m'nyumba. Amene mumutumeyo aonetse chiphaso chake, ajambule akutumizireni pa WhatsApp. Asangosintha elementi n'kumapita. Ayeze earth ndi makina ake, aone ngati chitsulo cha panja chija chidakalipo (ena amachizula polima maluwa, ena amaba waya wake wa kopa), ayese earth leakage, atsegule masoketi angapo. Kuka iyenera kukhala ndi waya wakewake wonenepa, wa 6mm, osati wa 2.5mm wa masoketi, kaya wa 1.5mm wa mababu. Zonse alembe pa pepala, asaine, kope limodzi mupatse matenanti. Likadzagwa tsoka, Mulungu atalikitse, pepalalo ndi lomwe lidzakuyankhulireni, poti mauthenga awo odandaula adzakhala ali m'foni ndi madeti ake.

Matenanti nawo ali ndi mbali yawo, ndipo muilembe m'pangano la lendi. Pulagi yathu ya mano atatu imanyamula 13 amps basi, pafupifupi 3,000 watts. Ketulo imodzi imadya cha m'ma 2,000 watts. Ndiye ketulo, simbi ndi hotipuleti pa ekistenshoni imodzi ya pamsika ndi moto umenewo. Asamalowetse mawaya opanda pulagi m'soketi n'kupanira ndi machesi. Asakokere waya ku boyizikota kapena kwa aneba popanda inu kudziwa. Ogula jenereta kapena invata chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi asamailumikize kudzera pa soketi. Pamafunika changeover switch, swichi yomwe imadula magetsi a ESCOM isanalowetse a jenereta kapena invata, apo ayi magetsi amabwerera m'mawaya a pa polo n'kukagwira munthu amene akukonza. Ndipo pa earth leakage pali kabatani kolembedwa T. Azikadina miyezi ingapo iliyonse. Magetsi akathima, ndiye kuti ili moyo. Akapanda kuthima, akuimbireni.

Ndalama ya giza iyi ituluke mu lendi ya mwezi uno, ndipo mlongo wanuyo mumuuze nokha ndi pakamwa, asamvere kwa matenanti. Ndikanakhala ine, ndikanawachotserako kenakake pa lendi yotsatira, ka makala omwe akugula potereka madzi osamba masiku amenewa.