Funsani Akatswiri: Nyimbo za hi-res zikudya bandulo, khutu osamva kusintha

FUNSO: Ndimalipira Apple Music ndipo ndinayatsa Hi-Res Lossless pa foni. Ndimamvera pa mahedifoni a Bluetooth amene ndinagula ku Limbe. Bandulo ya 5GB inatha madzulo awiri okha, koma nyimbo zikumveka ngati kale. Chavuta n'chiyani? — Bambo wa ku Chilomoni

YANKHO: Bambo, data ija inapitadi, ndipo nyimbo zinafika pa foni zili zonse bwinobwino. Zinakafinyidwa pa Bluetooth zisanafike kukhutu kwanu.

Nyimbo ya pa CD imakhala ya 16-bit/44.1kHz, kutanthauza kuti mawu amayezedwa maulendo 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo imayenda pa 1,411 kbps (kbps ndi muyeso wa data yodutsa pa sekondi iliyonse). Hi-res ndi yoposa pamenepo: 24-bit/96kHz imafuna 4,608 kbps, ya 24-bit/192kHz imafuna 9,216 kbps isanapanikizidwe ndi FLAC kapena ALAC, njira za lossless, zochepetsa fayilo osataya mawu. Tsono onani zomwe Bluetooth imakwanitsa kunyamula. SBC, njira yofinyira mawu imene ili m'mahedifoni ambiri otsika mtengo, imathera cha pa 328 kbps. iPhone imagwiritsa ntchito AAC, cha pa 256 kbps. Imodzi mwa zamphamvu ndi LDAC ya Sony, yopezeka mu Android kuyambira 8.0, koma nayonso imalekeza pa 990 kbps, osafika ngakhale pa CD. Choncho foni imayamba yataya mbali ina ya mawu kuti akwane pa kanjira kopapatizako.

Za bandulo musadabwe. A Apple okha amanena kuti nyimbo ya mphindi 3 imadya pafupifupi 6MB pa High Quality, 36MB pa Lossless ya 24-bit/48kHz, ndi 145MB pa Hi-Res ya 192kHz. Ola limodzi la hi-res yoteroyo ndi pafupifupi 2.9GB.

Ngati mukufunadi kuimva, pakufunika mahedifoni a waya ndi DAC, kachipangizo kosandutsa manambala a nyimbo kukhala mawu. Alipo ang'onoang'ono ngati chala olowetsa pa USB-C kapena Lightning. Werengani pa bokosi: palembedwe 24-bit/96kHz kapena 192kHz. Kolumikizira ka Apple ka Lightning kopita ku 3.5mm n'kabwino ndithu, koma kamathera pa 24-bit/48kHz. Chenjerani ndi timawaya ta USB-C totsika mtengo kwambiri. Tina mulibe DAC mkati, ndi waya chabe, ndipo pa mafoni ambiri opanda bowo la mahedifoni simungamve kanthu. Yesani pa foni yanu musanapereke ndalama. Foni ikapanda kuizindikira DAC, yang'anani mu Settings ngati muli OTG, yomwe imalola foni kugwiritsa ntchito zida za USB, n'kuiyatsa, chifukwa mafoni ena amabwera nayo yozima.

Onaninso ma ohm a mahedifoni, muyeso wa momwe amakanira magetsi kudutsa. A 32 ohm amalira bwino pa DAC yaing'ono. A 250 kapena 300 ohm amafuna amplifaya, apo ayi mawu amatuluka ofooka ngakhale mutakweza voliyumu mpaka kumapeto.

Simunatiuze foni yanu, ndipo apa pali kusiyana. iPhone imasintha yokha liwiro la DAC, ma kHz aja, kutengera nyimbo. Mafoni ambiri a Android amatembenuza mawu onse kukhala 48kHz, kaya nyimbo ndi ya 44.1 kapena 192. Pulogalamu ya USB Audio Player Pro imalambalala zimenezi polankhula ndi DAC mwachindunji, koma siiseweretsa Apple Music.

Ife tikanakhala inu, tikanasiya pa Lossless wamba. Khutu la munthu silimva kupitirira 20kHz, ndipo 44.1kHz imasunga mawu mpaka 22kHz. Mukakhala mu minibasi ya ku Limbe, injini ikubangula kondakitala akukuwa, 192kHz ndi kutaya ndalama basi. Mu Settings za Music, pa Audio Quality, ikani Cellular Streaming pa High Quality, Lossless muisiyire Wi-Fi ndi Downloads. Ndalama yotsalayo muike pa mahedifoni abwino, poti kusintha kwake kumamveka nthawi yomweyo.

FUNSO: Ndalumikiza laputopu ya Windows ku amplifaya kudzera pa DAC ya USB. Masipika amang'ung'uza ndikalowetsa chaja, komanso madzulo nyimbo zimadukizadukiza. — Mayi wa ku Namiwawa

YANKHO: Mayi, amenewa ndi mavuto awiri osiyana. Poti kung'ung'uzako kumabwera ndi chaja, gwero lake ndi magetsi, osati nyimbo. Laputopu ndi amplifaya zikamatenga earth m'njira zosiyana, kamphamvu kochepa kamayenda mu waya wa USB ndi wa mawu, ndipo mumamva kulira kwa 50Hz kwa magetsi athu a m'nyumba. Lowetsani zonse pa ekisitenshoni imodzi ya mano atatu. Zikapitirira, ikani USB isolator, kachipangizo kotchinga kamphamvuko, pakati pa laputopu ndi DAC, koma onetsetsani kuti ndi ya high speed, chifukwa zotsika mtengo zambiri zimalekeza pa 96kHz. Musadule waya wa earth pa pulagi. Phokoso litha kutha, koma chitsulo cha amplifaya chingadzakugwireni ndi magetsi. Ngati kulirako kumabwera magetsi akazima muli pa invata, ndiye kuti mwina invatayo ndi ya modified sine wave, ndipo zida za nyimbo zimafuna ya pure sine wave.

Kudukiza kwa madzulo kawirikawiri ndi netiweki, anthu akachuluka pa intaneti. Hi-res ya 192kHz imafuna pafupifupi 10 Mbps yosagwedera. Tsitsiranitu nyimbo usiku kapena m'mamawa, n'kumazimvera zili mu laputopu.

Chinanso, Windows imasakaniza mawu onse n'kuwatulutsa pa liwiro limodzi lomwe munaika. Pitani ku Control Panel, Sound, sankhani DAC yanu, Properties, kenako Advanced. Pa Default Format ikani 24-bit ndi liwiro lofanana ndi nyimbo zomwe mumamvera kwambiri, ndipo chongani bokosi lolola exclusive control. Pa mafayilo a FLAC gwiritsani ntchito pulogalamu ya foobar2000, musankhe output yolembedwa exclusive. Ikamasewera, mawu a YouTube ndi WhatsApp sadzatuluka pa DAC imeneyo, musaganize kuti yawonongeka.