Yankho kwa alamu pa nkhani ya tsamba la zigamba

Alamu, ndaumvetsera kawiri uthenga wanu ndipo chithunzi chimene mwatumiza pagulu pano ndachiona. Mwati muli ndi thumba lodzaza zidutswa za nsalu ndipo mukufuna kusoka chofunda cha zigamba chokhala ndi masamba a nyengo imene mitengo imayoyola, koma chigawo choyamba chimene mwayesa chatuluka chaching'ono ndipo ngodya zake sizikukumana. Ndikuuzeni mosabisa kuti nsalu zanu zilibe mlandu, ngakhale makina anu alibe vuto. Chimene chakusokonezani ndi msoko, chifukwa pachithunzipo zikuonekeratu kuti pena mwadya nsalu yambiri, pena mwadya yochepa.

Tsamba limene mwasankhali ndi la mtengo wa maple, lofanana ndi lija lili pa mbendera ya dziko la Canada, ndipo ubwino wake ndi wakuti limapangidwa ndi masikweya 9 okha, atatu m'litali ndi atatu m'lifupi. Ngati mukufuna kuti chigawo chonse chikhale mainchi 12 chikalowa m'chofunda, sikweya iliyonse iyenera kuoneka ya mainchi 4 ikasokedwa, choncho podula muziidula mainchi 4 ndi theka, chifukwa mbali iliyonse imataya kota ya inchi mumsoko. Kota ya inchi imeneyi, yomwe ndi mamilimita pafupifupi 6, ndiyo yagwira ntchito yonse. Taganizani kuti mzere uliwonse uli ndi misoko iwiri, ndipo msoko uliwonse umadya nsalu ziwiri nthawi imodzi. Mukangopitiriza pang'ono chabe, mwina ndi milimita imodzi ndi theka, mzerewo umafupika ndi mamilimita 6, ndipo mukalumikiza zigawo zisanu kusiyanako kumafika masentimita atatu. Ine ndimayeza kota ya inchi kuchokera pamene singano imagwera, n'kumata kachidutswa ka tepi pamakina, ndiye posoka ndimayang'ana mphepete ya nsalu ikutsata tepiyo, singano sindiiyang'ana n'komwe. Musakhulupirire kuti phazi la makina anu ndi la kota ya inchi musanaliyeze, chifukwa mapazi a makina amasiyana kukula kwake.

Musanagwire sizasi, khuthulani thumbalo pansi musankhe. Nsalu za thonje zolemera mofanana ziikeni pamodzi, ndipo zoterera ndi zotamuka muzisungire ntchito ina, pakuti zikasakanikirana ndi thonje zimakoka msoko n'kuchititsa makwinya. Zichapeni kaye, chifukwa thonje limafupika likachapidwa koyamba, ndipo chidutswa chochokera ku chovala chakale chinafupika kale pamene chatsopano sichinayambe. Zofiira ndi zakuda muziviike pazokha m'madzi ofunda pamodzi ndi kansalu koyera. Kansaluko kakasintha mtundu, dziwani kuti chidutswacho chidzadetsa chofunda chonse. Ine ndinaphunzira mochedwa, nditasoka masamba ofiira okongola pansalu yoyera, ndipo tsiku loyamba kuchapa tsamba lililonse linatuluka ndi mthunzi wofiirira mozungulira, umene sunachokenso.

Pa za mitundu, sindikugwirizana nanu pang'ono, alamu. Mwasankha zofiira, zachikasu ndi zabulauni, zomwe n'zoyeneradi nyengoyo, koma nsalu yakumbuyo kwa tsamba mwaikanso yamaluwa akuluakulu, ndiye tsambalo lasochera m'maluwamo. Chimene chimaonetsa tsamba ndi kusiyana kwa kuwala ndi kudera. Nsalu yakumbuyo ikhale yowala ndiponso yosachuluka zojambula, ndipo tsamba likhale loderako. Mukakayika, yalani zidutswazo, zijambuleni ndi foni, kenako chithunzicho muchisinthe chikhale chakuda ndi choyera. Ngati tsamba ndi kumbuyo kwake zikuoneka zotuwa mofanana, sinthani imodzi. M'kati mwa tsambalo mukhoza kusakaniza zidutswa zosiyanasiyana mmene mungafunire, ndipo kwa ine tsamba la nsalu zinayi kapena zisanu limakongola kuposa la nsalu imodzi, popeza ngakhale tsamba lenileni likamauma silikhala ndi mtundu umodzi.

Tsopano kadulidwe. Mufunika masikweya atatu a mtundu wa tsamba ndi imodzi ya nsalu yakumbuyo, onse a mainchi 4 ndi theka. Mufunikanso masikweya awiri a tsamba ndi atatu akumbuyo a mainchi 5. Dulani motsata ulusi wa nsalu, ndipo ngati mulibe lula yabwino, dzipangireni muyeso wa katoni yolimba umene muzijambulira ndi pensulo yosongoka.

Nsonga za tsamba ndi pamene ambiri amagwera, chifukwa amadula kaye tizidutswa ta ngodya zitatu kenako n'kumasoka, pamene nsalu yodulidwa mopingasa imatamuka ukangoigwira. Njira yabwino ndi iyi. Tengani sikweya ya mainchi 5 ya tsamba ndi ina yakumbuyo, muzigundanitse nkhope zake, ndipo kuseri kwa yowalayo mujambule mzere kuchokera pangodya ina kufika pangodya yoyang'anizana nayo. Sokani kota ya inchi kumanja kwa mzerewo, musokenso kota ya inchi kumanzere, kenako mudule pamzere penipenipo. Mukatambasula mupeza masikweya awiri, aliyense theka tsamba theka kumbuyo. Chitaninso chimodzimodzi ndi awiri enawo kuti akwane anayi, ndipo muwasadze onse akhale mainchi 4 ndi theka, mukuonetsetsa kuti msoko ukutulukira pangodya zenizeni. Sikweya yakumbuyo yotsalayo ndi ya kamtengo ka tsamba. Iduleni mopingasa kuchokera pangodya ina kufika pangodya yoyang'anizana nayo, pakati pake musokerepo kachingwe ka nsalu yabulauni kotambalala inchi imodzi, kotalika mainchi 8, kenako muisadze ifanane ndi anzake.

Yalani zonse patebulo musanasoke. Kamtengo kakhale pansi kumanzere, sikweya yakumbuyo yopanda kanthu ikhale pamwamba kumanja, masikweya atatu a tsamba akhale pakati, pamwamba pa kamtengo ndi kumanja kwake, ndipo anayi a nsonga aja adzaze malo otsala, awiri pamwamba ndi awiri kumanja. Mbali yodera ya nsonga iliyonse izigunda thupi la tsamba, ndipo misoko yonse yopingasa iziloza kumene kamtengo kaloza. Pachithunzi chanu nsonga ya pansi kumanja yatembenuka, n'chifukwa chake tsambalo likuoneka ngati lathyoka phewa.

Sokani mzere umodziumodzi, singano izibaya pafupipafupi, motalikirana mamilimita pafupifupi awiri. Posita, simbi muziiika ndi kuinyamula, osaikhwekhwereza ngati mukusita malaya, chifukwa kukhwekhwereza kumapotoza sikweya. Misoko ya mzere wapamwamba ndi wapansi muigonekere mbali imodzi, ya mzere wapakati mbali inayo. Mukamalumikiza mizereyo, misoko imakumana n'kukolana, ndipo mukapanikiza ndi chala chachikulu mumamva kuti yakhala pamalo pake popanda chotupa. Pamenepo bayani pini, musoke pang'onopang'ono, n'kuchotsa piniyo singano isanafike.

Mukamaliza, yezani. Chigawocho chiyenera kukhala mainchi 12 ndi theka mbali zonse, popeza theka limenelo lidzalowa mumsoko pochilumikiza ndi zinzake. Chikachepa pang'ono kwambiri mukhoza kuchikonza polumikiza, koma chikachepa kota ya inchi kapena kuposa, masulani misoko ya mizere musokenso. Chimene mwasoka kale chija musachitaye ndipo musavutike kuchimasula chonse. Chizunguliridwe ndi nsalu yakumbuyo, chikhale chophimba pilo. Chachiwiri muchisoke chokha, musadule zina zonse kaye, ndipo munditumizire chithunzi chake cha kuseri tepi yoyezera ili pamwamba, chifukwa ndikufuna kuona misoko.